Dzanja la Azakhali

1. Mpweya wa m'kamwa

Pamsewu wathu palibe amene amanditchula dzina langa lenileni. Onse amati Wailesi. Anayambitsa ndi bambo anga, tsiku limene ndinafika kunyumba ndi nkhani ya chibwenzi cha anthu ena, eni ake asanauze n'komwe makolo awo. Bambo anati, "M'nyumba muno tisiye kugula mabatire, wailesi tili nayo kale." Basi dzina linamata.

Sindikana ayi, nkhani ndimazikonda. Ndikamva kanthu, kamandiyabwa pakhosi mpaka nditakalavula. Nditasiya sukulu, amayi anatopa ndi kupepesa anthu chifukwa cha pakamwa panga, ndiye ananditumiza kwa azakhali, alongo awo a bambo, kuti ndikaphunzire ntchito.

Azakhali amakonza mafoni, mawailesi ndi china chilichonse chokhala ndi bolodi m'kati. Bolodi ndi kathabwa kobiriwira kaja, kokhala ndi tinjira ta kopa ndi tizipangizo tomatidwa pamwamba. Kashopu kawo n'kopanikiza. Muli tebulo pansi pa windo, nyale yopinda khosi, galasi lokulitsa zinthu, ndi mashelefu odzaza ndi zinthu zakufa zimene amachotsako ziwalo. Kuseri kwa khoma kuli shopu ya Atelala, mayi amene makina awo osokera amapumako, koma makutu awo sapuma. Ine ndi Atelala tinagwirizana sabata yoyamba yomwe. Masana alionse tinkasinthana nkhani pakhonde.

Tsiku langa loyamba azakhali anali atayala tizipangizo papepala loyera, tating'ono ngati mchenga. Ine ndinawerama n'kuyamba kuti, "Azakhali, mwamva za mwana wa eni nyumba?" Sindinamalize. Tizipangizo tonse tinauluka, tina pansi, tina m'ming'alu ya tebulo.

Azakhali sanakalipe. Anazimitsa chowotcherera, kachitsulo kotentha kosungunulira mtovu pomata, n'kundiyang'ana.

"Mwana wa achimwene, tamvera. Patebulo pano mdani wathu woyamba si moto, ndi mpweya wa m'kamwa. Ukayankhula, kachipangizo kauluka. Ukaseka, dzanja ligwedera, mtovu ulumikiza timiyendo timene sitiyenera kukhudzana, chinthu cha mwini n'kupsa. Ukagwira chowotcherera uzipumira m'mphuno, milomo itatsekana. Chinanso, anthu amabweretsa muno mafoni odzaza ndi zinsinsi za m'mabanja mwawo. Zimene waona patebulo pano zizithera patebulo pompano. Ukalephera zimenezo ndikubweza kwa mayi ako, ngakhale dzanja lako litakhala labwino chotani."

Kuyambira pamenepo ndinkaphunzirira pa mabolodi akufa. Kumata, kumatula, kumatanso. Azakhali sankayamikira ndi pakamwa. Akaona kuti ndakhoza, ankangondipatsa bolodi la timiyendo tothina kuposa ladzulo. Koma chinthu cha kasitomala anali asanandigwiritseko.

2. Mazira m'bulangete

Tsiku lina m'mawa tinangoona Mayi Anapiye akulowa wefuwefu, mpango utapendekera kumbali. Mayi amenewa ali ndi makina ofungatira mazira, n'chifukwa chake timawatchula choncho. M'manja anali ndi bolodi lokulunga m'kansalu.

"Achemwali, ndithandizeni, ndafa ine! Magetsi anathima, pobwera abwera ndi mphamvu, makina n'kungoti thi! Mazira atsala pang'ono kuswa. Ndawafunditsa mabulangete, abambo akunyumba akusinthasintha mabotolo a madzi ofunda, koma sizifika patali. Akazizira asukuluka onse. Ndipo ambiri si anga, ndi a amayi anzanga amene anandisungitsa. Ndikawauza chiyani?"

Azakhali anaika bolodi pansi pa galasi. Pakati pake panali ubongo wa bolodilo, tchipi yakuda, ya timiyendo mbali zonse zinayi, ndipo pamsana pake panali katuza.

"Yapsa ndi iyi," anatero. "Iwe Wailesi, pashelefu yapamwamba pali bolodi longa lomweli. Bwera nalo."

Mwamwayi tchipi ya bolodi lakufalo inali yamoyo. Koma inali yokhayo. Azakhali anauza Mayi Anapiye kuti akakhale pabenchi panja, kenako anamatula matchipi onse awiri ndi kamakina ka mphepo yotentha. Anayeretsa pamalopo mpaka timipando ta kopa tinawala.

"Pomata sitigwiritsa mphepo," anatero. "Pafupi apa pali kapulasitiki kolowamo mawaya, kangasungunuke. Tichita ndi dzanja. Gwira nyale."

Ndinagwira nyale. Timiyendo ta tchipiyo tinali tothithikana ngati mano a chipeso chochotsera nsabwe. Azakhali anatenga chowotcherera n'kuyandikiza nsonga yake.

Nsongayo inkanjenjemera.

Poyamba ndinkayesa kuti Atelala ayamba kusoka, chifukwa makina awo amagwedeza khoma. Ndinatchera khutu. Kunali zii. Azakhali anabweza chowotcherera pamalo pake, napanikiza dzanja lawo lamanja pabondo, n'kuyesanso. Ulendo uno nsonga inavina kwambiri, mpaka inagunda tchipi n'kuisuntha.

Anaika chowotcherera pansi. Sanandiyang'ane.

"Waona," anatero motsitsa mawu.

"Ndaona, azakhali."

"Vuto ili linayamba kalekale. Zikuluzikulu ndikutha, mawaya, mabatire, masikirini. Koma tating'ono iti, masiku ena dzanja limakana. Bambo ako sakudziwa, ana anga sakudziwa. Tamvera, mwana wa achimwene. Anthu akangomva kuti dzanja la wokonza mafoni likunjenjemera, safunsa kuti kwambiri kapena pang'ono. Amangonyamula zinthu zawo n'kupita kwa anyamata a kudepoti. Zaka zonse zimene ndawakonzera bwino aziiwala tsiku limodzi. Kashopu aka ndi kamene kakudyetsa ana anga ndi kuwaphunzitsa. Ndikufuna nthawi yokaonana ndi adokotala ndisanauze munthu. Wamva?"

Ndinangogwedeza mutu. Chikhalire sindinagwirepo nkhani yaikulu ngati imeneyo, ndipo ndinali ndekha woidziwa pamsewu wonse.

Azakhali anaimirira n'kukoka mpando wawo.

"Khala apa."

"Ine? Azakhali, tchipi ndi imodzi yokha. Ndikaiwotcha?"

"Mazira akuzizira. Khala."

3. Timiyendo

Ndinakhala. Mpando unali wofunda. Azakhali anaima kumbuyo kwanga, manja atabisa m'thumba la epuloni, n'kumayankhulira pafupi ndi khutu langa.

"Yamba ndi kadontho. Pakona imodzi ya tchipi pali kadontho, pabolodi palinso kadontho. Zikumane. Ukaitembenuza, ikayaka kamodzi n'kupsa."

Ndinanyamula tchipi ndi kopanira n'kuikhazika. Ndinaisuntha pang'onopang'ono mpaka kamwendo kalikonse kanakhala pakampando kake.

"Tsopano mata kamwendo kamodzi pakona iyo. Kenako kamodzi pakona yoyang'anizana nayo. Ikagwira pawiri siithawanso. Ukatero paka fulakisi, usaumire."

Fulakisi ndi timafuta tachikasu timene timathandiza mtovu kuyenda bwino. Ndinapaka, ndinatapa kamtovu pang'ono kunsonga, ndipo ndinakoka nsongayo pamwamba pa timiyendo ta mbali yoyamba. Kautsi kanakwera. Mtovu unagawikana wokha, kamwendo kalikonse n'kutenga gawo lake. Mbali imodzi inatheka.

Ndi pamene windo linada. Mayi Anapiye anali atasuzumira.

"Ha! Ndikuona bwino kodi? Achemwali, bolodi langa mwapatsa mwana? Mwapatsa Wailesi?"

"Khalani pabenchi, mayi, titha posachedwa," anatero azakhali.

"Ndikhale? Mazira a anthu akufa uko, inu mukuphunzitsira mwana pa chinthu changa? Kamtsikana koti sukulu inakakana, kongodziwa kuyenda ndi nkhani m'makomo! Ndipatseni bolodi langa ndipite kudepoti!"

"Tchipi yagwira kale mbali imodzi. Mukalitenga panopa, palibe amene alikonze lero. Dikirani."

Phokoso linaitana Atelala. Anatulukira pawindo, tepi ili m'khosi, maso akuyendayenda m'shopu monse.

"Kwatani kuno? Eee, koma lero ndaona zachilendo. Achemwali, chibwerere pamsewu uno sindinaonepo munthu wina pampando umenewo. Ngakhale mwana wanu weniweni mumamuthamangitsa. Kodi muli bwinobwino?"

"Ndili bwino. Ndikumuphunzitsa."

"Kuphunzitsa tsiku la ngozi? Nanga manja mwabisiranji m'thumba, kukuzizira?" Atelala anaseka, kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe Wailesi, mnzanga, tatsegula siteshoni. Azakhali ako atani? Ine ndili nayo ina yotentha, ya mwana wa eni nyumba uja, sunaimve. Tisinthane."

Ndinali pakati pa mbali yachiwiri. Mawu anali atafika kale palilime. Akanangotuluka, Mayi Anapiye akanasiya kundinyoza, chifukwa akanadziwa kuti sindinakhale pampandopo mwa matama. Atelala akanandiombera m'manja. Ndinaluma mlomo wam'munsi n'kupumira m'mphuno.

"Taonani, lero wasanduka wosayankhula," anatero Mayi Anapiye. "Tsiku lija ankauza msewu wonse kuti ine ndi abambo akunyumba tayambana, pakamwa pankayenda bwinobwino. Iwe, ukapsereza bolodi limenelo ukayankha wekha kwa amayi anzanga. Ndikakuimika pakati pawo!"

Maso anga anayamba kulengeza misozi, timiyendo n'kumaoneka tiwiritiwiri. Ndinachotsa nsonga, ndinapukuta m'maso ndi phewa, n'kubwereranso. Mbali yachiwiri inatheka. Yachitatu inatheka.

Ndili pa yachinayi, Atelala anamenya feremu ya windo ndi sizasi. "Wailesi!"

Dzanja langa linadzidzimuka. Pagalasi ndinaona kampira ka mtovu katakhala pakati pa timiyendo tiwiri, katatilumikiza.

Azakhali anawerama. Mawu awo anali odekha ngati tili awiriwiri.

"Usakande ndi nsonga, ungamatule kampando ka kopa, ndipo kakamatuka sikabwereranso. Usachedwetsenso moto pamenepo, tchipi imapsera m'kati osaonetsa. Paka fulakisi. Tenga kachingwe ka kopa, kagoneke pamwamba, gunditsa nsonga pang'ono. Kayamwa kokha. Kulakwitsa patebulo pano si mlandu, mwana wa achimwene. Mlandu ndi kuona cholakwika n'kuchivundikira."

Ndinachita momwemo. Kachingwe kanasanduka koyera, kampira kaja n'kuzimiririka. Pakati pa timiyendo panaonekanso kampata kobiriwira.

Ndinatsuka bolodi ndi sipiriti ndi mswachi wakale. Kenako ndinatenga mita, imene imalira ikapeza timiyendo togundana, n'kuyesa kamwendo kalikonse ndi kanzake, kuzungulira mbali zonse. Mayi Anapiye ankapondaponda pansi panja. Azakhali sanandifulumizitse. Mita sinalire paliponse.

"Zimitsa chowotcherera," anatero. "Pita ndi Mayi Anapiye ukalimange pamakina awo. Waya wofiira kumanja, usaiwale."

Pamene ndinkadzuka, Atelala anali adakali pawindo. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana thumba la epuloni.

4. Kulira m'chikamba

Ndinanyamuka ndi Mayi Anapiye kupita kwawo. Ankayenda patsogolo, ine pambuyo ndi bolodi m'manja awiri.

Makina anali m'kachipinda kakuseri, aatali ngati kabati. Amuna awo tinawapeza atagwada, thukuta lili kamukamu, akulowetsa botolo la madzi ofunda pansi pa bulangete. Ndinamanga bolodi, ndinalowetsa mawaya, ndinayang'ananso wofiira uja kawiri.

"Yatsani, bambo," ndinatero.

Anayatsa. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako fani inayamba kuzungulira, manambala ofiira n'kuyaka pachitseko. Tinachotsa mabulangete ndi mabotolo n'kutseka. Manambala anayamba kukwera.

"Nanga akapitirira?" anafunsa bambowo. "Mazira angaphikike."

Tonse atatu tinaima n'kumayang'ana. Manambala anakwera, anakwera, ndipo atafika pamene amayenera kufika, m'kati munamveka kuti tha, moto n'kudula. Atatsika pang'ono unayakanso wokha.

Mayi Anapiye anatsegula chitseko pang'ono, natenga dzira limodzi n'kuliika pakhutu. Nkhope yawo inasintha. Kenako analiika pakhutu langa. M'kati mwa chikamba munali kamawu kakang'ono kwambiri, tsi, tsi, ndi kugogoda.

Analibwezera msanga n'kutseka. Anakhala pansi pomwepo, napukuta m'maso ndi mpango.

"Kadzanja uli nako, iwe mwana," anatero. Kupepesa sanapepese, koma anandiperekeza mpaka pageti. Pamenepo anandigwira mkono. "Tandiuza zoona. Azakhali ako ali bwino?"

"Makina anuwo muwagulire choteteza magetsi, mayi," ndinatero. "Akabweranso mwamphamvu, tchipi ina tilibe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundisiya.

Madzulo kunyumba amayi ankasenda anyezi pakhomo. Tsiku lililonse ndikafika ndimayamba nkhani ndisanavule nsapato. Tsiku limenelo ndinangopereka moni n'kukhala pansi.

"Kuntchito kunali bwanji?"

"Kunali bwino."

"Basi? Palibe wayambana, palibe wathawitsana?" Amayi anapukuta m'manja n'kundigwira pachipumi. "Thupi silikutentha. Abambo ake, tabwerani mudzaone, mwana wanu wadwala matenda achilendo."

Bambo anasuzumira pakhomo. "Musiyeni, mwina mabatire atha. Tipumeko."

Anaseka onse awiri. Kenako bambo anafunsa kuti, "Alongo anga ali bwanji?"

Pamenepo mpomwe panandipweteka. Ndi mlongo wawo, magazi amodzi. Ndinayang'ana anyezi m'mbale.

"Akupereka moni," ndinatero.

Amayi anandiyang'anitsitsa. Bambo atalowa, anandiuza motsitsa mawu. "Sindikudziwa chimene wameza lero, ndipo sindikufunsa. Ngati munthu wakusungitsa mawu, sunga. Koma udziwe chinthu chimodzi, mwana wanga. Wakhala ukunyamula nkhani za anthu kuyambira uli wamng'ono, ndipo msewu wonse unakuzolowera choncho. Kutseka pakamwa tsiku limodzi sikusintha mmene anthu amakuonera. Zidzatenga nthawi, ndipo nthawi imeneyo idzakuwawa."

5. Chitseko

M'mawa mwake ndinanyamuka ndili wopepuka. Ndinali nditamata tchipi, anapiye anali amoyo, ndipo nkhani inali idakali m'mimba mwanga.

Pakona, mayi wogulitsa buledi anandikodola. "Wailesi, pepa za azakhali ako. Akuti ndi sitiroko eti?"

Ndinaima. "Wakuuzani ndani?"

"Aaa, iwenso ukufunsa ine? Nkhani zonse si zimachokera kwa iwe?"

Ndinathamanga. Pakhomo pa shopu ndinakumana ndi dalaivala wa minibasi akutuluka, foni yake ili m'manja, chivundikiro padera, tizomangira tili m'kapepala. Anali ataisiya dzana kuti ikonzedwe. Pambuyo pake panatuluka aphunzitsi ena atakumbatira wailesi yawo, mawaya akulendewera. Sanandipatse moni.

Azakhali anali atakhala pampando wawo. Nyale inali yozima, chowotcherera chozizira. Pashelefu ya zinthu za makasitomala panali mipata imene dzulo panalibe.

"Tseka chitseko," anatero.

Ndinatseka.

"Dzulo ndinagona ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha iwe. Ndinati mwana wa achimwene wakula, ndapeza dzanja lina. Lero ndisanatsegule n'komwe loko, anthu andidikirira pakhonde. Wina akuti ndafa ziwalo. Wina akuti ndakhala ndikuwononga mafoni awo mwakabisira chaka chonse. Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha. Wauza ndani?"

"Sindinauze munthu, azakhali. Ngakhale amayi, ngakhale bambo. Afunseni."

"Amene ankadziwa ndi ine ndi iwe."

"Ndikulumbira, azakhali. Anandinyoza, anandinyengerera, koma sindinatsegule pakamwa. Munaona nokha."

"Ndinaona uli patebulo. Utatuluka muno sindinakuone." Anatulutsa dzanja lawo n'kuliika patebulo. Linkanjenjemera poyera, ndipo sanalibisenso. "Ndikufuna kukukhulupirira, mwana wa achimwene. Koma tandiuza wekha. Pamsewu wonse uno, ndi ndani amene angavomereze kuti Wailesi anamva nkhani n'kuisunga?"



Azakhali anatenga kachikwama kanga kokhala ndi kopanira ndi mswachi, n'kundipatsa.

"Pita kwanu. Ngati si iwe, undibweretsere amene wanena, adzanene pamaso panga. Apo ayi, mpando uwu usadzaukhalenso."

Ndinatuluka ndi kachikwama m'manja. Sindinakhotere njira yakwathu. Khomo la Atelala linali lotsegula, ndipo pabenchi pawo panali amayi angapo atayandikizana mitu. Atangondiona, onse anakhala chete, makina osokera n'kuyamba kuthamanga popanda nsalu.

Ndinapukuta m'maso, n'kukwera pakhonde pawo.